Sefa ya a Mlongoti

"Kodi ndege ikafuna kukhota, iziyamba yapempha chilolezo kwa kompyuta?"

Anafunsa motero a Mlongoti pamsonkhano wa Lolemba m'mawa, sabata yanga yoyamba pa ntchito. Abwana anayang'ana wotchi yawo. Amayi a Nsanja, omwe amatsogolera anthu olankhula ndi oyendetsa ndege, anapitiriza kutakasa tiyi ngati munali shuga wosamva. Ine ndinayang'ana pansi, pa nsapato zatsopano zimene zinkandiluma zala.

A Mlongoti anali mkulu woyang'anira rada ya pabwalo lathu la ndege. Dzinalo anawapatsa chifukwa cha msinkhu. Anali aatali, oonda, ndipo ankawerama polowa pakhomo lililonse, ngakhale la galaja yolowera thiraki. Inenso anandipatsa langa tsiku loyamba lomwelo. Ankanditchula Digiri, poti ndi chokhacho chimene ndinabwera nacho.

Ntchito imene anandilembera inali yokonza sefa. Rada imazungulira kamodzi pa masekondi anayi alionse, ndipo ikaona ndege imatumiza kadontho pa sikirini ya kunsanja. Koma rada ili ngati mboni yokalamba: sinama, komanso sinena ndendende. Kadontho kamagwera pang'ono kumanzere, kenako pang'ono kumanja, mwinanso kamakhala ka gulu la mbalame kapena ka mtambo wa mvula. Sefa ndi pulogalamu imene imalandira timadontho tonseti, kulosera pamene ndege ifike ikamadzaonekanso, n'kujambula mzere umodzi woti a kunsanja azitsata. Sefa ikakhulupirira rada mopitirira, mzere umanjenjemera ngati dzanja la wodwala malungo. Ikadzikhulupirira yokha mopitirira, ndege imakhota, mzere n'kupitirira kutsogolo wokhawokha, ndege n'kusowa pa sikirini. Kwa munthu wa kunsanja, masekondi khumi ndege itasowa ndi chaka chathunthu.

Khalidwe lonse la sefa limagona pa manambala asanu ndi imodzi. Kwa zaka 26, amene ankakhudza manambalawo anali a Mlongoti okha. Ankasintha imodzi pang'ono, kukaima kunsanja kumbuyo kwa anthu sabata yathunthu manja ali kumsana, kenako kutsika kukaibweza theka la mmene anaisinthira. Koma ndege zinali zitachuluka, a kunsanja ankadandaula kuti mizere ikudumphadumpha, ndipo a Mlongoti anali atalemba kale kalata yoti apuma chaka chikamatha. Abwana anandipatsa masabata asanu kuti ndibweretse manambala atsopano ndi lipoti lake.

Anandiika m'kachipinda kopanda zenera, kuseri kwa chipinda cha makina. Munkazizira ngati m'mochale. Tsiku lachiwiri a Mlongoti analowa ataweramira mkati, n'kupachika juzi yawo yakale pampando wanga. Manja ake ankandifika m'maondo. Ndinaivala.

"Tandiuza, Digiri," anatero atakhala pabokosi la mapepala. "Uchita bwanji? Ulankhule ngati ukuuza munthu amene anaphunzira kulemba pa sileti."

Ndinawafotokozera. Kompyuta imapanga ana 60, mwana aliyense ndi manambala ake asanu ndi imodzi. Onse amalemba mayeso amodzi: kutsata maulendo a ndege amene tinajambula kale, omwe tikudziwa bwino mmene anayendera, poti ndege zikuluzikulu zimanena zokha pamene zili. Ana 30 amene alakwa kwambiri amafufutidwa. Otsalawo amakwatirana, n'kubereka ana otenga manambala ena kwa bambo, ena kwa mayi. Apo ndi apo mwana amabadwa ndi nambala yosafanana ndi ya kholo lililonse. Umenewo ndi mbadwo umodzi, ndipo umatenga theka la ola. Kenako mayeso amayambanso.

"Ndiye ukuweta manambala."

"Tinganene choncho, bambo."

"Nanga wamwamuna umamudziwa bwanji?"

"Sasankha, bambo. Aliyense amakwatira aliyense."

"Ana a masiku ano," anatero akupukusa mutu. Koma ndinaona kuti zawalowa. Kunyumba kwawo ankaweta nkhunda kuyambira ali anyamata, ndipo zimenezi pabwalo lonse panalibe wosazidziwa.

Mwina chinali chifukwa cha juzi ija. Ndinangodzimva ndikunena kuti, "Manambala anu ndawaikamo. Ndi mwana nambala wani."

"Zako zimenezo," anatero, natuluka.

M'mawa mwake anafika ndisanavule n'komwe chikwama. Anaika buledi wopaka majarini pa tebulo langa, nayang'ana kudenga ngati akufufuza pamene pakudontha.

"Ali moyo?"

Ndinayang'ana pa sikirini. Mwana nambala wani anali atafufutidwa pa mbadwo wachinayi, dzulo lake ine ndisanakwere n'komwe minibasi yopita kunyumba. Maola awiri okha. Ndinayang'ana buledi, ndinayang'ana zala zawo zazitali zikugogoda pa chitseko.

"Ali moyo, bambo."

"Hm," anatero, natuluka. Ndinawamva akuimba likhweru m'khonde.

Ndinaleredwa kuti bodza ndi loipa. Choncho m'malo molibweza, ndinalisandutsa choona. Ndinatsegula pulogalamu, ndinamudzutsa mwana nambala wani, n'kulemba mizere itatu yonena kuti ameneyu, alakwe chotani, asafufutidwe. Zinanditengera mphindi ziwiri. Ndinadya bulediyo mtima uli m'malo, ngati munthu amene wathandiza gogo kuoloka msewu.

Kuyambira tsikulo unakhala mwambo. M'mawa uliwonse buledi, kuyang'ana kudenga, funso. Ine kuyankha kuti ali moyo. Pofika sabata yachiwiri anasiya kuyang'ana kudenga, ankafunsa ali pakhomo pomwe, mokweza, kuti a m'khonde amve. Nkhani inakwera mpaka kunsanja.

"Ndamva kuti makina ako alephera kuwapha akuluwa," anatero Amayi a Nsanja titakumana pa masitepe. "Akutiboola m'makutu kumtundaku. Akuti mibadwo mazana atatu, iwo akadali chiimire."

Ndinaseka ndi mano okha.

Akanakhala kuti mwanayo ankangokhala phee pakona pake, bwenzi zili bwino. Koma poti sankafa, ankakwatira mbadwo uliwonse. Ana ake, zidzukulu zake, zonse zinkakokera kwa iye. Gulu lonse linayamba kufanana nkhope. Mzere wosonyeza mmene ana akukhozera mayeso, umene umayenera kukwera tsiku ndi tsiku, unakwera masiku anayi, kenako unagona chagada osadzukanso. Ndinayendetsa gulu lina mobisa, lopanda mwana wosafayo, ndipo limenelo linkakwera bwinobwino. Tsono ndinali ndi magulu awiri: la lipoti, ndi la buledi.

Loweruka ndikuchapa kuseri kwa nyumba, ndinamuuza mkulu wanga amene ndimakhala naye. Iye ndi namwino, ndipo chisoni anachisiya kusukulu ya unamwino.

"Ndiye ukunamiza nkhalamba chifukwa cha buledi?"

"Si chifukwa cha buledi, sisi."

"Wa majarini?"

"Zaka 26, sisi. Ndiwauze kuti ntchito yawo yonse inatha pa maola awiri?"

"Ife tikauza wodwala kuti ali bwino pamene sali bwino, amapita kukalima," anatero akufinya shiti ngati yamulakwira. "Kenako amatibwerera ali pa machira. Nanga tsiku la lipoti udzatani? Udzawatseka m'maso?"

"Ndidzaona."

"Udzaonadi. Tandipatsa sopoyo, Digiri."

Sindinafike pa tsiku la lipoti. Lachinayi la sabata yachinayi, a Mlongoti anabwera ndi magalasi awo owerengera atapachika m'khosi.

"Undisindikizire mndandanda wonse," anatero. "Ndikufuna ndione anzake amene akupikisana naye. Amayi akwathu akuti ndikungodzitama."

Ndikanatha kunena kuti pulinta yafa. Pulinta ya pa ofesi pathu imafa kawiri pa sabata, palibe akanadabwa. Koma tsikulo inasindikiza mokondwa, pepala loyera, inki yakuda bii. A Mlongoti anavala magalasi, nayamba kutsika ndi chala kuchokera pamwamba. Chala chinadutsa 10, chinadutsa 20. Pa 30 chinaima pang'ono, kenako chinapitirira. Chinakaima pa 52.

"Unati amafufutidwa angati?"

"Makumi atatu, bambo."

"A kumunsi."

"Eya."

Anapinda pepalalo kawiri, naliika m'thumba la shati, natuluka. Likhweru kunalibe. Lachisanu m'mawa pa tebulo panga panalibe buledi. Ndinakhala tsiku lonse m'juzi yawo ndikumvetsera mapazi a m'khonde, ndipo ndinazindikira kuti ndimadziwa mayendedwe a munthu aliyense pa ofesipo. Awo anadutsa kanayi osaima. Poweruka ndinapeza kapepala pansi pa chitseko, kolembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha: MAWA 10 KOLOKO KWATHU. Pansi pake anajambula mapu, msewu uliwonse ndi rula.

Ndinafika patatsala mphindi khumi. Amayi a kunyumba kwawo, aafupi ngati kuti msinkhu wonse wa banjalo unapita kumodzi, anandilandira pa geti.

"Ndiwe Digiri? Lowa, mwanangu. Chiyambire Lachinayi sakudya bwino. Akungoyendayenda ngati nkhuku yofuna kuikira. Wawatani?"

"Ndinawanamiza, amayi."

"Aa, basi? Ine ndakhala ndikuwauza kuti amaimba bwino zaka makumi anayi."

"Ndikukumvani," anatero mawu kuseri kwa nyumba.

Khola la nkhunda linali laudongo kuposa chipinda changa. Kachipinda kalikonse kanali ndi nambala yopentedwa. A Mlongoti sanandipatse moni wautali. Ananditengera kumapeto, kumene kunali kakhola kapadera, ndipo mkati munali nkhunda imodzi yaimuna, yotuwa, nthenga za m'khosi zitathothoka, ikutiyang'ana ndi diso limodzi mwaukali.

"Ameneyu ali ndi zaka khumi ndi zitatu," anatero. "Amadya bwino kuposa ine. Funsa amayi akowa."

"N'zoona," anatero amayiwo ali pawindo la kukhitchini. "Nkhundayo ikadwala, ndine ndimagona ndekha."

"Sindingamuphe, sindingamugulitse. Koma sindimulola kuyandikira zazikazi. Ana ake omaliza ankauluka ngati mapepala. Kumukonda ndi nkhani yanga. Khola ndi nkhani ina." Anatseka kachitseko. "Iwe unanditenga ine n'kundiika pakati pa zazikazi mibadwo chikwi. Ndipo unandisiya ndikukwera masitepe kukadzitama kunsanja ngati chitsiru."

"Pepani, bambo."

"Mwana wanga uja anafa liti?"

"Mbadwo wachinayi."

"Wachinayi." Anakhala pa chidebe chovundikira, maondo kufika pachibwano. "Ndiye kuti maola awiri."

Nkhunda zinkalira mwa chizolowezi chawo, ngati zikuvomereza chilichonse. Ndinaganiza kuti basi, zatha, Lolemba ndikabweza juzi. Koma atakweza mutu, nkhope yawo sinali ya munthu wosweka mtima. Inali ya munthu amene wapeza cholakwika pa waya.

"Mayeso akowo. Muli maulendo ati?"

"A miyezi itatu yapitayi, bambo. Ndege zonse zimene zimanena zokha pamene zili."

"Zikuluzikulu."

"Eya."

"Zobwera mowongoka ngati mkwati polowa m'tchalitchi. M'miyezi yopanda mphepo." Anandiloza ndi chala chachitali chija. "Nanga tindege ta sukulu yophunzitsa kuyendetsa ndege, timene timakhota ngati ntchentche? Nanga helikopita ya chipatala? Nanga kuseri kwa phiri, kumene rada imaona ndege imodzi ngati ziwiri? Iwe wakhala ukuyesa madalaivala pamsewu wopanda ngodya."

Zimenezi zinali m'buku lachiwiri la chaka chachitatu cha digiri yanga, ndipo ndinakhoza bwino phunzirolo.

"Tonse talakwa," anatero amayi aja akubweretsa tiyi pa thireyi. "Imwani."

"Ine ndalakwa chiyani?" anafunsa a Mlongoti.

"Mudzakumbukira."

Lolemba ndinapeza buledi pa tebulo, ndipo pambali pake panali katoni ya nsapato yodzaza ndi madisiki. Chilichonse chinali ndi tsiku lake ndi mawu ochepa: MPHEPO. MBALAME ZAMBIRI. MWANA WA SUKULU ANASOCHERA. Kwa zaka zonsezo, tsiku lililonse limene sefa inavuta, a Mlongoti ankasunga zimene rada inaona, n'kukhala pansi ndi oyendetsa ndegewo kujambula njira yeniyeni imene anadutsa. Palibe anawatuma. Anasankhamo masiku khumi ndi awiri oipitsitsa.

"Yamba wayesa mwana wako wanzeru uja," anatero. "Wa gulu lako lobisa. Usandiyang'ane choncho, ndikudziwa kuti lilipo. Sindiwe wopusa, ndiwe wachifundo chabe."

Ndinamuyesa. Mwana amene ndinkati ndimulembe mu lipoti, amene ankakhoza mayeso anga kuposa onse, anataya ndege kasanu ndi kawiri pa masiku khumi ndi awiriwo. Manambala a a Mlongoti anataya katatu. Ndikanapereka lipoti limenelo Lachisanu, ndipo abwana akanasaina.

A Mlongoti sanaseke. Ndinawathokoza mumtima chifukwa cha zimenezo, mpaka pamene ndinawamva akutuluka m'khonde n'kukaseka kumeneko.

Atabwerera anakokera bokosi la mapepala pafupi ndi ine. "Tsopano phatikiza masiku angawa ndi maulendo ako aja. Undiikemonso ngati nambala wani. Koma uyambe wandionetsa mizere itatu ija."

Ndinawaonetsa.

"Batani lofufutira ndi liti?"

Anadina okha, ndi chala chimodzi, mwamphamvu ngati akupha nsikidzi.

Tinayamba 9 koloko. Mbadwo woyamba unatuluka, mwana nambala wani ali pa nambala 2. A Mlongoti anatsokomola pang'ono, nakonza kolala. Mbadwo wachitatu anali pa 7. Wachinayi, pa 11.

"Wadutsa pamene anafera," ndinatero.

"Ndaona. Ndili ndi maso."

Nthawi ya nkhomaliro palibe anatuluka. Amayi a Nsanja anatsika ndi kapu yawo, naima pakhomo.

"Akadali m'bwalo akuluwa?"

"Ali pa 19."

"Mpira wake ndi wa mphindi zingati?"

"Mpaka wina agwe," anatero a Mlongoti osatembenuka.

"Ndiye ndidikira. Ndakhala ndikudikira kugwa kwanu chiyambire ndili mtsikana."

"Mudzakalamba mukudikira, mayi."

"Ndakalamba kale, bambo. Ndi mizere yanu yodumphadumpha ija yandimeretsa imvizi."

Mbadwo wachisanu ndi chitatu, 24. Wachisanu ndi chinayi, 27. Theka la ola lililonse linkatalika kuposa linzake. A Mlongoti anayamba kundiuza za nkhunda imene inasowa miyezi iwiri n'kubwerera ndi mkazi, koma nkhaniyo anaisiyira pakati. Mbadwo wakhumi unatuluka ali pa 30 ndendende, chala chimodzi m'mphepete mwa dzenje.

"Wakakamira," anatero Amayi a Nsanja, omwe anali atakwera kunsanja n'kutsikanso. "Wafanana ndi mwini wake."

Ndinaona dzanja langa likuyandikira kiyibodi lokha. Sindikudziwa chimene linkafuna kukachita. A Mlongoti analigwira pamkono, mofatsa, n'kulibweza pa tebulo.

Itangodutsa hafu pasiti 2, mbadwo wa khumi ndi chimodzi unatuluka. Ndinatsika ndi maso mpaka pa 30. Panalibe. Anali pa 34, ndipo patapita kamphindi mzere wake unazimirika pamodzi ndi ena a kumunsi.

A Mlongoti anavula magalasi, nawapukuta ndi kumunsi kwa shati nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

"Khumi ndi chimodzi," anatero. "Osati zinayi. Mukanene zoona kumtundako, mayi."

"Ndikanena kuti munagwa ngati mwamuna."

"Mungonena khumi ndi chimodzi."

Anaimirira, nagunda mutu ku shelefu imene akhala akuizemba masabata anayi. Amayi a Nsanja anawasisita pamutupo ngati mwana, ndipo iwo analola.

Ndinkaganiza kuti m'mawa mwake sabwera. Anabwera, ndi buledi, ndipo funso linali lina: "Afika pati?" Mzere wa mayeso unkakwera osagona. Lachiwiri anakhala ola lathunthu akuwerenga manambala a ana apamwamba, akudandaula ngati agogo oona zovala za zidzukulu. "Iyi yachepa kwambiri. Ndani angaike nambala yotere? Munthu wamisala." Kenako anatulutsa pensulo, nawerengera pa chivundikiro cha katoni, nasiya kudandaula.

Lachinayi m'mawa, pa mbadwo wa 140, mzere unasiya kukwera. Mwana wapamwamba sanataye ndege ngakhale kamodzi pa masiku khumi ndi awiri aja, ndipo pa ndege zikuluzikulu mzere wake unali wosalala. A Mlongoti anatulutsa m'thumba la jekete disiki ina imene sinali m'katoni.

"Iyi sanaionepo," anatero. "Mayeso enieni ndi amene mwana sanaonere. Kaitane Amayi a Nsanja."

Linali tsiku la zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Kandege ka sukulu, mkati muli mtsikana wouluka yekha koyamba, kanakumana ndi mphepo pafupi ndi phiri, kanakhota mwadzidzidzi, n'kusowa pa sikirini masekondi makumi anayi, ndege yaikulu ikutsika mbali yomweyo. Palibe chinachitika. Koma amene anali pa mpando tsikulo anali Amayi a Nsanja, ndipo ataona tsiku lolembedwa pa disikiyo anaika kapu yawo pansi.

Ndinayendetsa masefa awiri pamodzi, yakale mzere wofiira, yatsopano wobiriwira. Timadontho tinayenda, mizere iwiri ikutsata limodzi ngati mapasa. Pafupi ndi phiri timadontho tinabalalika. Mzere wofiira unapitirira kutsogolo, wowongoka, wodzidalira, kupita kumene kunalibe ndege. Wobiriwira unazengereza kamodzi, unagwedezeka, kenako unapinda n'kutsata kandegeko kuzungulira phiri mpaka kutulukira mbali inayo.

"Bwereza," anatero a Mlongoti.

Ndinabwereza. Anati ndibwerezenso. Kachitatu anatsata mzere wobiriwirawo ndi chala pagalasi, n'kusiyapo chidindo cha majarini.

"Kanali pamenepa nthawi yonseyo," anatero Amayi a Nsanja motsitsa mawu. "Ine ndikukafuna uku."

"Ndinasintha manambala kanayi chaka chimenecho," anatero a Mlongoti. "Sindinakapeze."

Lipoti ndinalilemba masana amenewo. Nditafika pa gawo lofotokoza mmene ntchito inayendera, ndinawafunsa ngati ndilembemo za mizere itatu ija.

"Lemba. Wina adzabwera pambuyo pako, nayenso adzakhala ndi nkhalamba yake."

Ndinalemba ziganizo ziwiri. Iwo anawerenga, nawonjezera ndi pensulo kuti masiku oipa anachokera m'katoni ya nsapato, kuti wodzafuna adzadziwe poyang'ana.

Lachisanu tinakhala m'chipinda cha misonkhano, anthu anayi pa tebulo la anthu makumi awiri. Abwana anawerenga lipoti lonse, chinthu chimene Amayi a Nsanja anati sanachionepo. Pa tsamba lachitatu anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anayang'ana a Mlongoti, napitiriza. Atamaliza analumikiza zala zawo pa tebulo, nalankhula ndi mawu amene anthu amagwiritsa ntchito m'chipatala.

"Ntchito yabwino, nonse awiri. Koma bambo, ndaganizira. Kwatsala miyezi inayi yokha kuti mupume. Palibe chothamangira. Manambala anu atitumikira zaka zambiri. Akhale momwemo mpaka tsiku lanu lomaliza, atsopanowa tidzaike inu mutapita. Ndi ulemu umene tingakupatseni."

Ndinaizindikira nthawi yomweyo. Inali mizere yanga itatu ija, itavala tayi.

A Mlongoti anatembenuka kundiyang'ana. Sindikudziwa chimene anaona pankhope panga, koma mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo anachita kutsokomola kuti chiseko chisatuluke.

"Bwana, zikomo," anatero atapeza mpweya. "Koma ndadyetsedwa mokwanira mwezi uno, ngati nkhunda yokalamba. Lolemba atsopanowa ayamba kuyenda pambali pa akale, a kunsanja aziona onse awiri. Pakatha masabata awiri popanda vuto, anga achoke. Mphepo ikuyamba mwezi wamawa, ndipo tindege ta sukulu sitidikira kuti ine ndipume."

"Amayi?" anafunsa abwana.

"Ine ndikanakonda achoke dzulo," anatero Amayi a Nsanja, koma dzanja lawo linali pa mkono wa a Mlongoti.

"Digiri?"

Kanali koyamba abwana kunditchula dzinalo. "Ndikugwirizana nawo, bwana."

Abwana anasaina. A Mlongoti anatola kapu yawo ndi pensulo, naimirira pang'onopang'ono, chigawo ndi chigawo, monga amachitira. Atafika pakhomo anawerama, kenako anabwezanso mutu mkati.

"Ndipo kalata yanga yopuma ija, bwana, muing'ambe. Ndikhala chaka china. Ndikufuna ndione ana a Digiriwa akukumana ndi mphepo."